Jekete ya Mlamu

9 Febuluwale

Amake ana,

Moni nonse kumeneko. Kaya muli bwanji inuyo, ana ndi apongozi? Ine kuno ndili bwino, kungoti msana uja umandikumbutsa kuti ulipo ndikakhalitsa pa makina osokera.

Mlongo wanu wafika. Wafika wathunthu, miyendo iwiri, manja awiri, ndi pakamwa paja osachotserapo kanthu. Chikwama chokha ndiye anachisiya m'njira, akuti anthu amene anawaolotsa anati chikulemera. Za ulendowo adzakuuzani yekha akadzafuna, ine ndinangomupatsa madzi osamba ndi thalauza langa lakale. Mawu anu aja ndawamva, oti mwandipatsa munthu ndimusunge mpaka tidzabwerere limodzi. Ndimusunga. Koma nanunso mumulembere kuti kuno n'kwa eni, munthu saimba mluzu pamsewu.

Musadabwe kuti ndayamba makalata ngati munthu wakale. Masiku ano kwabuka anthu oimitsa munthu pamsewu n'kumulanda foni, kuti aone chilankhulo chimene amalembera mauthenga. Ndiye foni yanga imagona m'chipinda, yopanda kanthu m'kati. Makalata ndizipatsira adalaivala a basi amene amakubweretserani katundu aja, yankho muzipereka kwa iwo omwewo.

Tikugona chipinda chimodzi. Pano ndi mdadada wa zipinda zoyang'anizana, pakati kanjira, kumapeto mpopi umodzi ndi bafa. Khomo loyandikana nafe muli kalipentala, mkazi wake ndi ana awiri. Ndi anthu a dziko lina, koma mapepala awo ali ngati athu, kutanthauza kuti palibe. Kalipentalayo watibwereka matiresi, ndipo mkazi wake akaphika ndiwo zambiri amatigawirako. Mlamu sanathe ngakhale mwezi koma wayamba kale kugula buledi m'chilankhulo cha eni dziko, wogulitsa osazindikira kanthu. Ine zaka zonsezi lilime langa likadali chikuni, ndikangoti moni amadziwa kale kuti uyu ngobwera.

Ndalama ndatumizazo muyambe ndi fizi ya wamkuluyo, zotsalazo mugule malata a pakhitchini pamene pakudonthapo. Njinga musamabwereke aliyense, imabwera yopanda mabuleki.

Ndine,
Bambo a ana


14 Malichi

Amake ana,

Moni. Kalata yanu ndalandira, ndakondwa kumva kuti chifuwa cha wamng'onoyo chachepa. Ife kuno tadzuka.

Ku shopu ntchito yachuluka. Abwana, mayi eni shopu aja, alandira oda yaikulu: majekete opanda manja, obiriwira, okhala ndi mizere yowala ngati a apolisi a pamsewu. Eni odayo ndi anthu aja ndinakuuzani, olanda mafoni. Si apolisi, si asilikali, ndi anthu wamba a m'dera lomwe lino, ena malova, ena mavenda a pamsika, enanso azibambo a ulemu wawo. Amati akusesa tauni, ndiye ife timangowatchula kuti a Tsache. Amafunsa mapepala, ukapanda kuonetsa amakuperekeza ku polisi, ndipo njira ya ku polisiyo imatalika malinga ndi mmene adzukira tsiku limenelo.

Ndinawafunsa abwana kuti, "Mayi, nanga mukudziwa kuti asoke majekete amenewa ndani?" Iwo anati, "Makina safunsa mapepala. Iwe soka, lendi ituluke." Ndinasoka.

Lachiwiri kunabwera wapampando wa gululo kudzayezetsa, chifukwa yake yokhayo imafuna nsalu ya anthu awiri. Ife alendo timasokera chipinda cha kuseri, kumene makasitomala safikako, koma abwana sadziwa kugwira tepi, ndiye anandiitana. Nzeru inandipeza pakhomo: ndinatapa mapini n'kudzaza pakamwa. Munthu wa mapini pakamwa safunsidwa funso. Ndinamuzunguliza tepi pamimba, manja anga osakumana bwino kumbuyo, iye ali kalikiliki kuwafotokozera abwana mmene alendo aonongera tauni ino. Potuluka anandisisita paphewa, akuti amakonda mmisiri wosalongolola. Abwana anaseka mpaka kukhala pa mulu wa nsalu. Ine ndinalavula mapini, imodzi inali itandibaya lilime.

Mlamu wapeza ganyu yotsuka magalimoto. Sabata yatha anakumana ndi zina pobwerera, m'manja mwa a Tsache. Foni yake inapita, koma tsaya laphwa tsopano, ndipo dzino silinachoke, likungogwedera. Apongozi musawauze.

Sopo wakwera, mafuta akwera, eni nyumba nawo ayamba kutsokomola za lendi. Nsapato za wamkuluyo ndagula, ngati zakula aike pepala kutsogolo, phazi lizipeza.

Ndine,
Bambo a ana


20 Epulo

Amake ana,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Ine ndili bwino. Kuno kwayamba kuzizira.

Mwafunsa chifukwa chake mlongo wanu sakukulemberani. Chichitikireni zija anakhala masabata angapo osatuluka. Munthu wolongolola uja anangoti zii, kugona chagada, maso kudenga. Ganyu ija anatenga wina. Ndinkamusiyira chakudya m'mawa n'kudzachipeza madzulo chili pomwepo, ntchentche zokha zitadyako.

Chamudzutsa ndi chinthu chopusa. Jekete imodzi ndinaiwotcha ndi simbi pamsana, kabala kakang'ono, abwana anandidula pa malipiro n'kundiponyera, akuti wagula. Ndinabwera nayo kunyumba kuti ndiidule ndisokere wamng'onoyo kachikwama ka kusukulu. Mlamu ataiona anadzuka n'kuivala, kuima pakhomo manja m'chiuno, n'kukuwa m'chilankhulo chawo chija: "Mapepala, madala!" Mawu ake enieni a a Tsache, ngakhale kaimidwe. Ana a kalipentala anathawira pansi pa bedi, atazindikira kuti ndi iye anaseka mpaka misozi. Nanenso ndinaseka, ndisaname. Ndinali nditaiwala mmene mawu ake amamvekera.

Mawa lake anatuluka nayo kukagula buledi. Anabwera ndi buledi, ndalama ikadali m'manja. Akuti wogulitsayo, mlendo mnzathu, anakana kulandira ataona jeketeyo. Ndinamubweza kuti akapereke. Anapita, koma atavalabe.

Tsopano amaivala popita kosaka ganyu, akafika amaipinda n'kuiika m'jumbo. Akuti njira yonse anthu amamupatukira. Ndinati, "Alamu, mukusewera ndi moto." Iye anati, "Alamu, ndi kuzizira kumeneku moto ndi umene ukufunika." Mukumudziwa mlongo wanu, pakamwa sungamuthe.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi kunabwera mayi wina, loya wa bungwe loona za ufulu wa anthu. Anatiuza kuti lamulo la dziko lino limati munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mnzake mapepala, ndipo ngakhale wapolisi sangalowe m'nyumba ya munthu popanda chikalata cha khoti, kaya munthuyo akhale mlendo. Kalipentala anawapempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Wawaloweza mawuwo ngati vesi, akumawanena uku akupala matabwa. Ine ndinangodzifunsa ngati a Tsachewo analipo tsiku limene vesi limeneli linkawerengedwa kwawo.

Kachikwama ka mwana ndisoka ndi nsalu ina. Za malire a dimba zija musakangane nawo, dikirani ndidzabwere.

Ndine,
Bambo a ana


2 Juni

Amake ana,

Moni. Ndikhulupirira nonse muli bwino monga ndiliri ine.

Zoti mlamu wakutumizirani ndalama ndi bulangete la apongozi ndazimvera kwa inu, kuno sanandiuze. Mwafunsa kuti wapeza ntchito yanji yolipira chonchi. Ndikuuzani mmene ndikudziwira.

Tsiku lina a Tsache enieni anakumana naye atavala jekete ija. Anamufunsa kuti ndi wa nthambi iti. Anatchula dera la kutsidya kwa njanji, m'chilankhulo chawo chosalala, n'kuwonjezerapo nthabwala. Anamukonda. Anamutenga kuti ayende nawo tsiku limenelo, ndipo iye akuti kukana kukanakhala kudziulula. Zimenezo ndinazimvetsa. Za tsiku lachiwiri ndi masiku enawo ndiye sindinafunse. Eni mashopu ena amawapatsa kangachepe kuti azisesa mbali yawo, madzulo amagawana. Bulangetelo lachokera kumeneko. Afunde, bulangete lilibe mlandu.

Masiku ano amaima pageti la chipatala chaching'ono cha m'dera lino, kuona amene akulowa. Manesi amangodutsa ngati sakuwaona. Mkazi wa kalipentala anapita ndi mwana wotentha thupi, anabwerera pageti pomwepo. Sananene kuti anamubweza ndani. Kungoti madzulo ake kalipentala anagogoda kudzatenga matiresi ake, mwaulemu ndithu, akuti kukubwera mlendo. Mlendoyo mpaka lero sindinamuone. Mwanayo anachira ndi mapilitsi a pagolosale.

Mlamu akuti iye amaima kumbuyo, ndipo akazindikira kuti uyu ndi wathu amamutsinzinira diso n'kumulowetsa. Mwina n'zoona. Ine sindinapiteko, ndipo msanawu ndikuuchiza ndi botolo la madzi otentha.

Wamkuluyo mumuuze kuti zotsatira zake ndaziona. Masamu akoke, zinazo ali bwino.

Ndine,
Bambo a ana


18 Julaye

Amake ana,

Moni nonse. Ine ndilipo. Pepani za maliro a kwa aneba, mukandipepesereko.

Ndikulemba ndili ndekha m'chipinda, malo achita kuchuluka. Mlongo wanu anasamuka, akukhala ndi anzake kutsidya kwa njanji. Sindinamuthamangitse, musamvere za anthu. Tinangoyankhulana.

Ndinamuuza kuti andibwezere jekete. Ndinati, "Alamu, anthu a pamdadada pano asiya kundiyankha moni pa mpopi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tsiku limene anzanuwo adzadziwe kwanu mudzathawira kwa yani?" Iye anali akupesa tsitsi pa kagalasi ka pakhoma, sanatembenuke n'komwe. Anati, "Alamu, majekete amene amaima pageti paja anasoka ndani? Inu mumasoka, ine ndimavala, tonse tikudyera pomwepo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine sandimenyanso." Yankho lake mpaka lero ndimalifunafuna ndikamaponda makina. Anatenga jumbo lake n'kumapita. Thalauza langa lija anasiya atalipinda bwino pabedi.

Sabata yatha gulu linaitanitsa majekete ena, akuti anthu awonjezekera. Wapampando anabwera ndi anyamata amene awakweza kukhala otsogolera timagulu, oti awo alembedwe maina pamsana. Mmodzi mwa iwo anali mlamu. Abwana samudziwa, mlamuyo anali asanafikepo ku shopu. Ndinaika mapini pakamwa. Anatambasula manja, ndinamuyeza chifuwa, mapewa, kutalika. Wanenepa, khosi ladzaza. Nthawi yonseyo ankayang'ana kalendala ya pakhoma ngati akufuna tsiku linalake. Dzina limene anawauza abwana kuti lilembedwe pamsana si limene anamupatsa apongozi, ndi la eni dziko. Ndinalisoka bwino, ulusi wakuda, zilembo zoongoka. Ntchito yokhota ine sindiidziwa.

Zinandiwawa, amake ana. Ndanena kamodzi, sindibwerezanso.

Mwati ndipite ndikamutenge ngakhale pomukoka khutu. Kumene akukhalako munthu wa lilime ngati langa akalowako satulukako ndi mano onse, ndipo ndikakamutchula kuti mlamu pamaso pa anzakewo ndiye kuti ndamupha ndine.

Malata aja ngati mmisiri akungozengereza pezani wina, mvula isakupezeni.

Ndine,
Bambo a ana


5 Sepitembala

Amake ana,

Moni. Pepani kuti ndakhala chete. Ndili moyo, sindinavulale paliponse, muyambe mwadziwa zimenezo.

Loweruka lina mwezi wathawu, m'mawa azimayi akuchapa pa mpopi, a Tsache anafika pamdadada pathu. Galimoto ya polisi inaima pamsewu, apolisi ali m'kati, mawindo otseka. Aliyense anathawira m'chipinda mwake n'kukhoma, zochapa zinatsala m'mabeseni. Anayambira ku mpopi, khomo ndi khomo, ndi chitsulo chozulira misomali.

Ndinawamva akufika kwa kalipentala. Iye ananena mawu a loya aja ali kuseri kwa chitseko, onse, osaphonya: kuti munthu wamba alibe mphamvu yofunsa mapepala, kuti pakufunika chikalata cha khoti. Anawanena bwino kwabasi. Kunjako anaseka, wina anati abwerezenso sanamve. Ali pakati pobwereza, chitsulo chinalowa. Chitsekocho chinawavuta ndithu, anachipanga yekha.

Kenako kwanga. Sindinadikire chitsulo, ndinatsegula. Pakhomo panali mlamu, anzake ali kumbuyo kwake. Anakuwa, "Mapepala!" Ndinangoima, ndinalibe choti ndimupatse. Iye anandikankha n'kulowa, kutola patebulo kapepala kamene ndinalembapo miyezo ya diresi la munthu, kukayang'ana uku ndi uku, n'kukaponya pansi. Potuluka anawauza anzakewo kuti, "Uyu ali bwino. Ndi telala wa wapampando." Wina anasuzumira, anandizindikira, anakweza chala chachikulu. Anapitirira khomo lotsatira, kwa mayi wogulitsa tomato amene mwamuna wake amagwira ulonda. Amene anagwira chitsulo pamenepo anali mlamu.

Amuna onse amene anawapeza anawatulutsa n'kuwakhazika pansi m'mbali mwa msewu, manja pamutu. Apo m'pamene apolisi aja anatsitsa mawindo n'kuitana galimoto yaikulu. Kalipentala ali kumalo kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwawo, zida zake zikadali pakhonde. Loya uja anabwera Lolemba, anajambula zitseko zonse, akuti zimene zinachitikazo n'zosemphana ndi lamulo ndipo akasuma. Akuti milandu yotere imatenga nthawi.

Pamdadada ponse chitseko chathunthu chatsala changa chokha. Aliyense wopita ku mpopi amachiyang'ana.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, masiku ena sindinapite ku ntchito.

Ndine,
Bambo a ana


11 Okutobala

Amake ana,

Moni kwa inu, ana ndi apongozi. Ine ndili bwino, msana uli chimodzimodzi.

Kalata yanu ndaiwerenga. Mwati tithokoze Mulungu kuti mlongo wanu analipo tsiku lija. Mwina. Akanapanda iye bwenzi kalata ino ndikulembera kwina, kapena osalemba n'komwe. Munandituma kuti ndimusunge, koma wandisunga ndi iye. Ngati mukufuna kumuthokoza mulembereni nokha, musadzere mwa ine.

Chitseko changa ndinachizula n'kukachiika kwa mkazi wa kalipentala, chifukwa ana ankagona kuseri kwa makatoni. Sanakane, sanathokoze. Anandigwirira misomali ine ndikukhoma ndi hamala ya mwamuna wake. Kwanga ndapachika nsalu, telala sasowa nsalu. Musadandaule za akuba, choti abe mulibe.

Abwana alandira oda yachitatu ya majekete. Ndinawauza kuti msana wavuta, andipatse zopinda masiketi ndi kuika mazipi. Odayo anapatsa mnzanga wa makina a pakona, mlendo ngati ine ndemwe. Akusoka. Malipiro anga atsika, ndiye fizi ya teremu ino mugulitse mbuzi imodzi, tonde uja, osati yaikazi.

Mwafunsa ngati kumapeto kwa chaka tibwera limodzi, akuti apongozi ayamba kale kumukonzera chipinda. Ine ndibwera, Mulungu akalola. Za iye sindikudziwa, chichokereni pakhomo panga tsiku lija sitinayankhulane. Ndinamuona Lachinayi masana ndikuchokera kogula ulusi. Ankabwera kutsogolo kwanga ndi anzake, majekete okhaokha, atadzaza njira yonse ya oyenda pansi, akuseka. Ndinamuzindikira patali ndi kayendedwe kake kaja. Ndinati lero ndiima, ndimuyang'ana m'maso, ngakhale osatchula kanthu, adziwe kuti ndamuona. Atayandikira ndinangopezeka ndatsikira kale mu ngalande, mutu pansi, chipewa m'manja, monga timachitira tonse kuno. Palibe anandiuza kuti ndipatuke. Ndimamuopa mlongo wanu, amake ana. Anadutsa pafupi moti jekete yake inandikhudza paphewa.

Apongozi muwauze kuti ali bwino, wanenepa. Chipindacho asavutike nacho.

Ndine,
Bambo a ana